Kodi Ndinu a Nowa?

Dublin
27 Epulo 2025

Amayi okondedwa, ndi inu achimwene Levison,

Uthenga unandipeza Lachiwiri ndili ndi mabuku asanu ndi awiri m'manja, ndikuwabwezera pa mashelefu m'laibulale muno. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo nditaona dzina la achimwene nthawi ya ntchito chotero ndinadziwa kuti si moni. Munangoti, "Febe, abambo atisiya." Ine ndinapitiriza kuika mabuku aja, lililonse pamalo pake, mpaka lomaliza. Kenako ndinakhala pansi pakati pa mashelefu. Ndawerenga nkhani zambiri za anthu oferedwa bambo wawo, koma palibe imene inandichenjeza kuti manja amapitiriza ntchito mtima utaima kale.

Ndikulemba papepala chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira: foni ndi ya moni, nkhani zenizeni ndi za kalata. Ndijambula tsambali n'kulitumiza pa foni ya achimwene, ndipo muwawerengere amayi mosathamanga.

Muli bwanji, amayi? Mukudyako? Ndani akugona nanu m'nyumba? Mukudziwa kuti pasipoti yanga inali ku ofesi ya zilolezo ndipo sindikanatha kutuluka m'dziko muno, komabe kudziwako sikukundichotsera manyazi. Ndiuzeni zonse. Anagwera pati? Anayankhula? Munaimba nyimbo iti potuluka m'tchalitchi? Musasiye kanthu poganiza kuti n'kakang'ono.

Pali nkhani ina imene ndikuchita nayo manyazi kuitchula sabata isanathe, koma ili ndi tsiku lake. Mukukumbukira kuti chipumireni pa uphunzitsi abambo ankayenda ndi njinga mpaka ku Nsaru ndi ku Kasiya kujambula mawu a anthu okalamba, nyimbo zawo ndi mbiri za mipingo. Zonsezo sizili m'foni. Foni yawo ndi yaing'ono. Ikajambula imatumiza ku nkhokwe ya pa intaneti imene bungwe lija la zowerenga linawapatsa, n'kutsala ndi zochepa zatsopano. Bungwelo linamaliza ntchito yake, ndipo landilembera mwaulemu kuti maakaunti onse atsekedwa pa 31 Meyi usiku. Zimene zidzakhale zisanachotsedwe zidzafufutika. Iwo anasunga nyimbo makumi anayi zokha zimene abambo anawasankhira. Zotsalazo ndi za zaka zinayi.

Pasiwedi ndili nayo, anandilembera okha chaka chatha. Chofunika n'chimodzi: ndikamalowa kuno, foni yawo idzafunsa kumeneko ngati ikulola, ndipo wina adine kuti inde. Achimwene, chonde itchajeni foniyo ndipo mundiuze tsiku.

Ndine mwana wanu,
Febe


Kabudula
4 Meyi 2025

Mlongo wanga Febe,

Tili moyo. Kalata ndinawawerengera amayi pakhonde, kawiri. Sanalire. Anangofunsa ngati kumeneko kukuzizirabe ndiponso ngati uli ndi juzi.

Anagwera m'munda wa mtedza, atazula phando limodzi kuti aone ngati wakhwima. Tinathamanga nawo kuchipatala pa njinga yamoto ya a Tomasi, koma dzuwa lisanafike pamutu zinali zitatha. Mawu omaliza amene ndinamva ine anali akuti mtedzawo udikire sabata ziwiri. Anthu anabwera ambiri, mpaka m'tchalitchi munachepa. Amayi okalamba aja ankawajambula anabwera pa ngolo kuchokera ku Nsaru, ndipo anaimba kumanda nyimbo imene ngakhale abusa sankaidziwa. Wina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mawu anga anapita nawo aphunzitsi, ndiye ndabwera kudzawaperekeza."

Tsopano za foni. Tsiku lotsatira maliro, bambo aang'ono a Yesaya anasonkhanitsa zonse za abambo. Amayi anamanga m'nsalu tinthu ting'onoting'ono, magalasi, wotchi, foni ndi zolembera, ndipo a Yesaya anaika mtolowo m'sutikesi yofiirira ija pamodzi ndi masuti, n'kukhoma loko anthu akuona. Kiyi anamangirira pa chingwe, ali nayo m'khosi. Akuti palibe chotuluka mpaka pa 14 Juni, azakhali a ku Nambuma akadzamaliza kukolola n'kubwera kuti katundu agawidwe pamaso pa onse. Ndinawapempha kuti atsekule kwa mphindi zisanu. Anandiyang'ana ngati ndapempha kufukula manda.

Ndikuuze zoona, usakhumudwe. Anthu ayamba kale kuyankhula. Akuti mwana amene sanabwere kudzaponya dothi, chinthu choyamba kufunsa ndi foni. Ena akuti m'nkhokwe yako ya pa intanetiyo muli chuma chimene aphunzitsi anabisa, ndipo iwe ukufuna kuchisamutsira ku Ulaya tisanakhale pansi. Ine ndinawaseka kuti chuma cha abambo chinali njinga yopanda mabuleki, koma kunena zoona nanenso sindikumvetsa bwino. Ukati kuchotsa, ndiye kuti kuno kutsala chiyani? Ndipo zinthu za zaka zinayi uzinyamula bwanji wekha, ntchito uli nayo? Tafotokoza monga kwa mlimi wa fodya, kuti ndikaima pamaso pa a Yesaya ndikhale ndi chonena.

Mwana wanga Patience akuti moni kwa azakhali. Amafunsabe kuti agogo abwera liti.

Mlongo wako,
Levison


Dublin
10 Meyi 2025

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha mtedza uja. Ndakhala ndikuuwerengera masiku. Ukhala utakhwima tsopano.

Ndinalakwitsa kulemba kuti kuchotsa. Ndi kukopera. Mukukumbukira kaboni wa abambo? Polemba kalata yofunika ankaika pepala labuluu lija pakati, kalata n'kupita, inzake n'kutsala m'kabati. Ndi zomwezo. Palibe chimene chichoke pamalo pake, ndipo ndatsekula nkhokwe yatsopano imene inu, amayi ndi a Yesaya mudzakhale ndi ufulu wolowamo mofanana ndi ine.

Sindinyamula ndekha. Kuntchito kuno timagwiritsa ntchito wothandiza wa AI, pulogalamu imene umaiuza ntchito m'mawu wamba n'kumaigwira yokha. Masiku ano amaipatsa zida zoti ilowe m'nkhokwe imodzi n'kukopera mafayilo kupita ku ina, osadutsa pa foni ya munthu, choncho netiweki yathu ija, yolimba pachulu pokha, siidzavutika. Yanga ndaipatsa chida chowerengera ndi chokopera basi. Chofufutira ndi chosamutsira ndaimana, moti ngakhale itasokonezeka singawononge kanthu. Ndikagona kapena ndikakhala kuntchito, iyo imapitiriza, ndipo pomaliza imalemba mndandanda wa zimene yachita ndi zimene yalephera. Koma singalowe pakhomo mwini wake asanavomere, ndipo m'pake kutero.

Tsono pali chimene chandisowetsa mtendere. Lachinayi ndinayesa kulowa, ndikudziwa kuti palibe adzayankhe, kungofuna kuona ngati pasiwedi ikugwirabe. Pasanathe mphindi imodzi yankho linabwera: mwini foni wakana. Ndinayesanso Lachisanu m'mawa, chimodzimodzi. Leronso.

Achimwene, foni imene yakhala m'sutikesi masabata awiri ndi theka ilibe moto. Foni yozima sikana. Pali munthu amene akuitchaja, akuiona ikayaka, ndipo akudina kuti ayi. Kiyi ndi imodzi, ndipo mwandiuza nokha khosi limene ili. Sindikufuna kuganizira zoipa munthu amene anandinyamula pamapewa kupita ku Sande sukulu, koma ngati akukhulupirira zoti muli chuma, mwina akufufuza okha. Afunseni. Masiku atsala makumi awiri ndi limodzi.

Febe


Kabudula
17 Meyi 2025

Mwana wanga Febe,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino kupatula bondo. Amayi ako aang'ono akupereka moni.

Levison anabwera kwathu Lolemba ndi kalata yako, nkhope ili gwa, n'kundifunsa mafunso ngati wapolisi, ine ndili pakati pa kusoka matumba a chimanga. Ndadikira masiku asanu kuti ndiyankhe mtima utazizira.

Choyamba. Kiyi sinachoke m'khosi mwanga chiikireni maliro. Ndimagona nayo, ndimasamba nayo, yayamba dzimbiri ndipo yandidetsera malaya awiri. Loko ndinamuonetsa Levison. Kangaude walukapo ndipo sindinamusokoneze. Foni ya mtundu umenewo sindidziwa n'komwe poyatsira. Yanga ndi ya mabatani.

Chachiwiri. Iwe unali usanabadwe pamene agogo ako aamuna anamwalira mu 1988. Maliro asanatuluke m'nyumba, wailesi inali itapita kale, njinga itapita, nkhwangwa ndi makasu zomwe. Aliyense ankati akungosunga. Ine ndinatenga jekete. Abambo ako anandiona nditalivala pamsika wa Nsaru, ndipo sitinayankhulane zaka khumi ndi chimodzi. Zaka khumi ndi chimodzi, mwana wanga, chifukwa cha jekete limene linkandithina m'khwapa. Titagwirizananso tinapangana kuti wotsala mwa ife awiri adzakhoma zonse, ndipo sadzatsekulira munthu, kaya mkazi, kaya mwana, kaya mbusa, mpaka onse atakhala pamphasa imodzi. Ndatsala ndine. Ndikatsekulira iwe lero chifukwa nkhani yako ndi yomveka, mawa abwera azakhali ako ndi yawo yomvekanso.

Chachitatu. Za kaboni ndazimva, ndipo kalaliki wako wa m'makinayo sindikulimbana naye. Ngati amakopera osang'amba tsamba, ndiye kuti analeredwa bwino kuposa mmene ndinalili ine mu 1988. Koma kuti afike pa foni ayenera kudutsa pa loko, ndipo pa loko pali lonjezo. Uwapemphe a bungwewo adikire mpaka pa 14 Juni. Anthu ophunzira sangalephere kudikira masabata awiri.

Zoti foni yozima ikukana, sindingazimasulire. Mkulu wanga sankakonda kudzutsidwa.

Sindinakwiye. Zinandipweteka, koma sindinakwiye.

Bambo ako aang'ono,
Yesaya Chikoti


Dublin
22 Meyi 2025

Achimwene,

Muwauze bambo aang'ono kuti ndapepesa, ndipo ndidzawalembera paokha. Za jekete sindinkazidziwa.

A bungwe ndinawapempha. Mayi amene anandiyankha analemba mokoma mtima, koma akuti tsikulo silili m'manja mwawo. Maakaunti onse atsekedwa pamodzi ndi mgwirizano wawo, ndipo iwo sangathe kulowa mwa munthu wina.

Ndiye ndinachita chopusa. Ndinayesanso Lachiwiri, Lachitatu ndi lero, poganiza kuti mwina wokanayo atopa. Sanatope. Tsopano makina aona ngati ndine wakuba, ndipo atseka khomo masiku asanu ndi awiri. Lidzatsekukanso pa 29. Kuchokera pamenepo tidzakhala ndi masiku awiri ndi theka, ndipo tikadzakanidwanso kamodzi, basi kwatha.

Ndazindikira dzulo kuti ndilibe mawu a abambo paliponse. Makalata awo ndili nawo mtolo wonse, koma ankadana ndi kutumiza mawu pa foni. Ndimayesa kukumbukira mmene ankatchulira dzina langa, ndipo tsiku lililonse limamveka patali pang'ono kuposa dzulo lake.

Kalatayi muiwerenge mokweza pakhonde, aliyense amve. Amene muli ndi foniyo, sindikufunsani dzina. Ndikungokupemphani kuti pa 29 musadine kanthu.

Febe


Kabudula
25 Meyi 2025

Febe mwana wanga,

Ndine amayi ako. Dzanja langa ukulidziwa, silinazolowere kulemba, upirire nalo. Levison ndamuuza kuti ajambule kalatayi ndipo aiwerengenso, chifukwa ndatopa kubisa.

Foni ili ndi ine. M'sutikesi sinalowemo. Pomanga mtolo uja ndinaikamo sopo wamtanda m'malo mwake kuti kulemera kufanane, foniyo ndinaibisa m'dengu la nyemba. Ndimaitchaja ndi kasola ka nyale Levison akapita kumunda. Alamu anga akhala akulondera sopo mwezi wathunthu.

Sindinatenge chifukwa cha chuma. Mu Febuluwale abambo ako anabwera kuchokera kojambula n'kuiwala kuzimitsa. M'mawa mwake anadinanso molakwika ali m'nyumba, ndipo inajambula mphindi makumi anayi. Mulibe nkhani. Ndikumveka ine ndikusesa, nkhuku, chitseko chija cholira. Iwo akutsokomola, akuimba pang'ono molakwitsa mawu, kenako akuti, "Estere, magalasi anga mwawaona?" Ine ndikuti ali pamphumi panu. Ndiye akuseka. Anandiyatsira okha tsiku lomwelo, n'kundionetsa podina. Ndimaiyatsa m'mawa ndikamasesa, ndimaiika m'thumba la epuloni. Ndikafika pa magalasi ndimayankha. Ndinaona kuti mpaka pa 14 Juni sindifika popanda zimenezi, ndipo ikadzagawidwa mwina idzapita ku Nambuma.

Tsono za kukana. Tsiku lina ndikusesa inalira n'kulemba m'Chingerezi. Sitandade 8 yanga inakwanira kuwerenga. Inati, a Nowa Chikoti, wina akufuna kulowa, kodi ndinu? Pansi pali inde ndi ayi. Ndinakhala pansi. Mwana wanga, ndikanayankha chiyani? Si iwo. Ndinawasambitsa nkhope ndekha. Ndinadina ayi chifukwa ndi zoona. Inafunsanso, ndinayankhanso. Kasanu ndi kamodzi yandifunsa ngati amuna anga ali moyo, ndipo kasanu ndi kamodzi ndaiuza.

Kalata yako yoyamba ija ndinamva za pasipoti ndi nyimbo zokha, mutu unali usanabwerere. Yachiwiri Levison sanandiwerengere, anathamanga nayo kwa alamu. Ya Lachinayi ija ndi imene inanditsekula makutu. Pamene anafika poti dzina lako likumveka patali, ndinalowa m'nyumba. Ine ndimamva mawu awo tsiku lililonse, mwana wanga ali kutali alibe, ndipo womutsekera ndine.

Lero titatuluka m'tchalitchi ndapita kwa alamu ndi foniyo m'manja. Zimene anena alemba okha.

Koma chinthu chimodzi ndanena pamaso pawo ndipo ndikubwereza kwa iwe. Pa 29 sindidzadina ayi. Koma indenso sindingadine. Sindinawanamizepo abambo ako ali moyo, sindiyamba kunama m'dzina lawo.

Uvale juzi.

Amayi ako


Kabudula
26 Meyi 2025

Mwana wanga Febe,

Moni. Bondo likadali lomwelo.

Mlamu wanga anabwera dzulo, anagwada pakhomo ngati mtsikana wolakwa, n'kuika foni pamphasa. Atafotokoza za sopo ndinafuna kukwiya, koma amayi ako aang'ono anayamba kuseka kukhitchini mpaka kutsamwa, ndipo ukali wopanda wouchitira umboni suchedwa kuzizira. Kenako anandiyatsira ya magalasi ija. Sindilemba zambiri pamenepo. Mkulu wanga ankalakwitsa nyimbo imeneyo pamalo omwewo kuyambira tili anyamata.

Ndaganiza motere. Ndinalonjeza kuti sindidzatsekula chimene ndakhoma. Sutikesi ikhala yokhoma mpaka pa 14 Juni, ndi sopo wake yemwe. Foni sindinaikhomepo, choncho lonjezo silikuikhudza. Ikhala kwa mlamu wanga, ndipo pamsonkhano ndidzanena ndekha kuti ndinalola ndine.

Za funso lija. Amayi ako akunena zoona, iwo sangayankhe. Koma pamaliro, pamene mfumu ndi mpingo anafunsa kuti ayankhule ndani m'malo mwa malemu, anaimirira ndine. Ana ake akadzafuna womangira ukwati, adzabwera kwa ine. Pakhomo pa mkulu wanga pakagogodedwa n'kufunsa kuti a Chikoti alipo, woyankha kuti ndilipo ndine, ndipo si bodza. Ndidzadina ine.

Utiuze ola. Umuuzenso kalaliki wakoyo kuti akopere mwaulemu; muli mawu a anthu amene ambiri anagona kale.

Yesaya Chikoti


Kabudula
29 Meyi 2025

Febe,

Ndikulemba mwachangu, galimoto ya fodya ikundidikira.

Tinakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe netiweki siithawa, itangokwana naini, ola lathunthu isanakwane nthawi yako. A Yesaya anavala suti ndi tayi. Amayi ananyamula foni m'nsalu ngati dzira. Ndinawaonetsa a Yesaya podina kokwana kakhumi, ndipo ankayeserera pa bondo lawo. Italira, anavula chipewa, anawerenga funso lonse mokweza ndi Chingerezi chawo cha ku mishoni, n'kuyankha kuti, "Ndine, achimwene, ndabwera m'malo mwanu." Ndinaopa kuti chala chawo chigwera pa ayi. Amayi anawagwira pamkono.

Inalemba kuti zatheka. Tinadikira kuti mwina pamveka kanthu, koma kunali mbuzi basi. A Yesaya anafunsa ngati kalalikiyo wayamba. Ndinati wayamba. Anati ndiye tisamusokoneze, ndipo tinatsika mwakachetechete.

Tiuze.

Levison


Dublin
2 Juni 2025

Amayi, bambo aang'ono, achimwene,

Moni nonse. Ndikhulupirira kuti fodya anagulidwa bwino ndipo bondo likuchepa. Nkhokwe ya abambo inatsekedwa Loweruka usiku monga ananenera. Ndikufuna ndikuuzeni zonse mwadongosolo, zabwino ndi zoipa.

Bambo aang'ono atangodina, wothandiza uja analowa n'kuwerenga zimene zinalimo, ndipo asanayambe anandiuza mosabisa kuti nthawi siikwana. Nkhokwe yakaleyo inkalola kutulutsa zochepa pa ola, ndipo anati ndisankhe zoyambira. Ndinalibe nthawi yokufunsani. Ndinati ayambe mawu, kenako zithunzi ndi zolemba, mavidiyo pomaliza chifukwa ndi olemera. Kusankhako kunali kwanga, ndipo ngati kunali kolakwika, wolakwa ndine.

Anagwira ntchito masiku awiri ndi theka osaima. Fayilo iliyonse akaikopera ankaiyerekeza ndi yoyamba kuti aone ngati yafika yathunthu. Pamalo amodzi pokha ndi pamene anandifunsa. Anapeza foda yolembedwa kuti "Za Estere", ndipo pamwamba pake abambo analembapo kuti, "Izi ndi za mkazi wanga yekha." Anandiuza kuti sanatsekule zamkati, ndipo anafunsa ngati aziike m'nkhokwe ya tonse kapena ayi. Ndivomere, amayi, ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana funso limenelo. Ndinkadziwa kuti ngati pali pamene abambo akuyankhula momasuka, ndi mmenemo. Ndinamuuza kuti aziike padera, pamalo amene mungatsekule inu nokha. Muli mafayilo khumi ndi anayi. Achimwene akuonetsani podina, kenako atuluke panja.

Mavidiyo makumi atatu ndi asanu ndi awiri sanakopedwe. Nthawi inatha ali pakati pa ntchito. Wothandizayo sanabise, analemba mayina awo onse, ndipo mayinawo ndi a abambo, mmene ankalembera okha. "Kwaya ya amayi, Kasiya, mphepo inavuta." "Ngolo ya a Tomasi yatitimira." Achimwene, pepani: pa mndandandawo palinso "Ubatizo wa Patience, analira mpaka abusa anaseka." Ndikanadziwa ndikanauika patsogolo. Dzina lokha ndi limene latsala, ndipo mudzamufotokozere ndinu amene munalipo.

Dzulo ndinakhala tsiku lonse ndikumvetsera. Ndinkayembekezera kumva abambo akuyankhula nthawi yaitali, koma ndinaiwala kuti iwo ndi amene ankagwira foni. Pa iliyonse amangotchula tsiku, mudzi ndi dzina la munthu, kenako amati, "Yambani, mayi, ndikumvetsera." Akatero amakhala chete ola lonse. Nthawi zina amamveka akupuma, kapena akuti "eya" pansipansi. Poyamba ndinakhumudwa. Kenako ndinaona kuti ndi mmene analili kwa ife tonse.

Dzina langa ndinalipeza kamodzi. Gogo wina wa ku Nsaru akuwafunsa ngati ali ndi ana, ndipo iwo akuti, "Awiri. Levison amalima, Febe amasunga mabuku kutali." Sanalitchule mmene ndinkakumbukirira. Amalikoka pang'ono kumapeto. Ndabwereza kokwanira tsopano, sindidzaiwalanso.

Bambo aang'ono, pa 14 Juni mudzawauze azakhali kuti ichi ndi chinthu chimodzi cha abambo chimene aliyense angatenge chonse wina osachepekedwa. Achimwene, mukadzapeza mpata mupite ku Nsaru, mukawayatsire mayi anakugwirani dzanja aja mawu awo. Pasipoti yabwera. Ndifika mu Ogasiti, ndipo ndidzayamba kumanda.

Zimene zilipo tsopano ndi izi. Mawu a anthu mazana asanu ndi limodzi ndi khumi ndi awiri, aliyense ndi moni wa abambo kumayambiriro. Zithunzi zonse ndi zolemba zonse. Mafayilo khumi ndi anayi a amayi, amene sindinawamve ndipo sindidzawamva. Mayina makumi atatu ndi asanu ndi awiri opanda zamkati. Mphindi makumi anayi za m'mawa wina wa Febuluwale, m'thumba la epuloni. Ndi sutikesi yokhoma, muli masuti awiri, wotchi, magalasi ndi sopo.

Ndine mwana wanu,
Febe